Telala amene anakana kuchepetsa yunifolomu ya mwana wanga

Sabata ino chakwana chaka chimwalirireni a Zuze, telala wa pakhonde la golosale ya kumtunda kwa msika wa Milonde. Ndakhala ndikuzengereza kulemba za iwo, chifukwa nkhani yawo siingakambidwe bwino popanda ine kuonekamo woipa. Koma chiperoni chabweranso monga chinalili masiku amene anatisiya, ndipo mtima wanga wakana kukhala chete. Ine ndimagulitsa tomato ndi nthochi kumunsi kwa msika womwewo. Mwana wanga woyamba, Esinati, akanalekera sukulu mu Fomu 3 pakanapanda mkulu ameneyu, ndipo amene ankamusiyitsa ndinali ine mayi wake.

Anali bambo wamfupi, wowonda, wadazi, tepi yoyezera ili m'khosi kulikonse, ndi kumaliro komwe. Mapini ankasungira pakamwa, kotero akamayankhula mawu ankatulukira mbali imodzi, Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chilomwe ndi timawu ta Chipwitikizi. Mawu amene tonse tinkawadziwa nawo ndi akuti "kalima, kalima," ndiye kuti fatsa. Ubwere ukuthamanga kuti diresi lako likufunika lero lomwe, kalima. Uwauze kuti mvula yafika paphiri ndipo nsalu zawo zinyowa, kalima. Akazi awo ankasimba kuti tsiku lina denga la khitchini linagwira moto, iwo n'kuyamba apinda kaye bwinobwino nsalu imene inali m'manja mwawo.

Anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Anawoloka Ruo ndi mkazi, khanda, ndi makina osokera atawasenza, miyendo ya makinawo atayisiya m'nyumba yomwe inkapsa; ina anadzaipeza kuno. Za nkhondoyo sankakamba, ndipo wowafunsa ankangomuyankha pomufunsa ngati akufuna matumba awiri kapena atatu. Anzawo atabwerera kwawo nkhondo itatha, iwo anatsala. Anakhala pakhonde lija zaka zoposa makumi atatu, ndipo mayunifolomu a ana ambiri a kuno anadutsa m'manja mwawo.

Ndisawayeretse ayi. Pankhani ya "mubwere mawa" panalibe telala wowaposa m'boma lonse la Mulanje. Mkwati wina anadikira jekete lake atakhala pabenchi, anthu akuyimba kale kutchalitchi, a Zuze akusokerera mabatani mosapupuluma n'komwe. Ukawakalipira ankangokuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti msoko wothamangira umang'ambikira pagulu. Tinkawanyoza, tinkalumbira kuti sitidzabweranso, koma sabata yotsatira tinali pomwepo ndi nsalu zathu, chifukwa chovala chosokedwa ndi iwo chinkatha nsalu ulusi usanaduke.

Pakhonde lawo panali benchi yaitali imene inayang'ana kukhoma, kufulatira msewu. Mlendo ankaona ngati yaikidwa molakwika. Masana sukulu ikaweruka pankakhala ana a sekondale asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena a ndevu kale, mabuku ali pamaondo. Palibe amene anawalemba ntchito imeneyi a Zuze, ndipo iwo eni Chingerezi sankachidziwa. Sukulu yawo inathera m'makalasi oyamba, m'Chipwitikizi. Koma khanda limene anawoloka nalo lija linakula n'kusiya sukulu mu Fomu 2, linalowerera, kenaka linapita ku Joni osamvekanso. Iwo ankati cholakwa chinali chawo, chifukwa anamuyang'anira mwanayo ali wamng'ono, atamera ndevu n'kumusiya poganiza kuti wakula. Maganizo awo anali akuti mwana wamkulu ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa, chifukwa ndi pamsinkhu umenewo pamene mutu umabalalika, pomwe makolo atembenukira kwa ang'ono ake.

Malamulo a pabenchi anali ochepa koma osapindika. Foni inkalowa m'kadirowa ka makina, ndipo inkatuluka mwini wake akamapita. Buku linali limodzi basi pamaondo, ena onse m'chikwama. Wotchi analibe, ndiye nthawi ankayeza ndi ulusi: mwana ankawerenga osadzutsa mutu mpaka ulusi wa m'bobini uthe, ndipo pamene iwo akukulunga wina, ana ankaimirira, kudziwongola, kuseka, kumwa madzi. Makina akayambanso kulira, mitu pansi. Pomaliza mwana aliyense ankatseka buku n'kuwafotokozera m'Chichewa zimene wawerenga. Apa ndiye pankavuta. Mwana akangobwereza mawu a Chingerezi oloweza, iwo ankasiya kupalasa makina.

"Ndiye kuti chiyani?" ankafunsa. "Ine ndine mbuli, mwanawe. Undiuze zoti mbuli imve."

Mwana akakanika, ankamubweza patsamba lomwelo. Ankakonda kunena kuti zimene sungathe kufotokozera telala, sunazimve. Ndipo mwanjira imeneyi mkulu wosadziwa Chingereziyu anafika podziwa mmene magazi amayendera m'thupi ndi chifukwa chake mvula imakonda mbali yathu ya phiri, mpaka ankatsutsa nazo anthu pamaliro.

Mikangano anali nayo yambiri. Ndi mnyamata woonetsa mafilimu kuseri kwa golosale anakangana chaka chathunthu chifukwa cha phokoso, mpaka tsiku lina anakakhala pakhomo la vidiyoyo ndi sizasi m'manja, kufikira mwini wake anatsitsa yekha mawu. Mphunzitsi wina anabwera kudzawafunsa kuti anaphunzira kuti zophunzitsa ana. Iwo anayankha kuti saphunzitsa aliyense, amangobwereketsa benchi ndi makutu. Ndi ana omwe ankayambana nawo. Mtsikana wina anamuthamangitsa sabata yathunthu atamupeza ndi foni yachiwiri m'sokosi, koma Lolemba lake anatuma mnzake kukamuitana, akudandaula kuti benchi yapendekeka mbali imodzi.

Mkangano waukulu kuposa yonse unali wa iwo ndi ine.

Esinati anabwera ndi lipoti la kumapeto kwa Fomu 3 ali pafupi ndi kumchira. Aphunzitsi analembapo kuti mwanayu nzeru ali nazo, koma maganizo ake sakhazikika, ndipo ntchito ya kunyumba samaliza. Inenso ndinkaziona. Ankatenga buku masana n'kukhala kuseri kwa nyumba, koma dzuwa limalowa ali patsamba lomwelo. Chaka chomwecho mng'ono wake Lusiya anasankhidwa kupita Fomu 1 pasukulu yomweyo. Bambo awo amagwira ntchito kuminda ya tiyi ndipo amabwera kumapeto kwa mwezi, pakhomo pali apongozi odwala miyendo ndi mapasa amene anali asanasiye kuyamwa. Ndinaganiza ndekha, ndinagamula ndekha. Ndinamuuza Esinati kuti sukulu yamukana, akhale pakhomo azindithandiza. Sanalire pamaso panga. Anangopinda siketi ndi bulauzi yake n'kundipatsa.

Kuno yunifolomu sitaya. Wamkulu akasiya kapena akamaliza, imapita kwa telala kukachepetsedwa kuti avale wotsatira. Ndinapita nayo kwa a Zuze Lolemba lina la mu Ogasiti, sukulu zili patchuthi.

"Muichepetse, bambo, ikwane Lusiya."

Anaitambasula siketiyo patebulo, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anaisoka okha zaka zitatu m'mbuyomo.

"Nanga mwini wake wamwalira?"

"Iyayi, bambo, musalosere zoipa. Wasiya sukulu."

"Wanena yekha, amake Esinati?"

"Ndanena ine. Kodi musoka kapena ndipite kwina?"

"Kalima," anatero. "Mawa mutume mwini wakeyo adzatenge. Abwere yekha, ndimuyeze."

Ndinachoka wokhutira. Sindinadzifunse n'komwe kuti wochepetsa chovala amayeza amene akuvula kapena amene adzavale. Mawa lake ndinamutuma Esinati. Anakhalako maola awiri n'kubwera chimanjamanja, akuti mawa. Mawa lakenso chimodzimodzi. Tsiku lina akuti ulusi wa mtundu umenewo watha, tsiku lina akuti singano yathyoka, tsiku lina akuti dzanja likuwawawa. Ndinkatukwana ndili pabenchi yanga ya tomato, amayi anzanga n'kumaseka kuti kodi a Zuze mwawadziwa lero. Kuchokera kumunsi kumene ndimakhala, khonde lawo silioneka. Masabata atatu anatha mwana wanga akupita tsiku lililonse kukatenga siketi, ine osadziwa kuti akukakhala pabenchi yoyang'ana kukhoma ija, atabwerekedwa mabuku ndi anzake.

Zimene ndinazimva pambuyo pake n'zakuti a Zuze anadabwa naye. Mwana amene aphunzitsi ankati sakhazikika ankawerenga mabobini atatu osatembenuka, n'kufotokoza zonse momveka bwino. Anamufunsa ngati pali mnyamata, iye anakana. Ngati maso amamuvuta, anakana. Ndiye Lachisanu lina anadula ulusi wofiira wautali ngati mkono, n'kumupatsa pamodzi ndi buku. Anamuuza kuti Loweruka ndi Lamulungu masana akawerengere kunyumba monga amachitira nthawi zonse, ndipo nthawi iliyonse imene munthu amudzutse pabuku, amange mfundo imodzi paulusiwo.

Linali tsiku la msika, kutatsala sabata imodzi kuti sukulu zitsegulidwe, pamene ndinasiya tomato wanga ndi mnzanga n'kukwera kumtunda nditamanga chitenje m'chiuno. Pakhonde panali podzaza anthu. Ndinaiona siketi ija itapachikidwa pamsomali, yositidwa bwino. Sinachepetsedwe. Anali atamasula mpendero n'kuitalikitsa, chifukwa Esinati anali atakula. Ndipo Esinati yemweyo anali pabenchi, buku pamaondo.

"Bambo Zuze, mukundiyesa chitsiru ine? Masabata atatu! Ndinati muchepetse, inu mwatalikitsa. Mwanayu ndi wanu?"

"Ndi wanu, amake Esinati. Tabwerani kuno. Tambasulani dzanja."

Anatulutsa ulusi wofiira uja m'thumba la malaya n'kuuika m'manja mwanga. Unali utafupika, wokhakhala ngati mikanda.

"Muuyendetse m'zala. Mwanawe, tawauza amako."

Esinati anayankhula atayang'ana pansi. "Iyi munandituma madzi. Iyi mapasa amalira. Iyi agogo amafuna kupita kuseri. Iyi munati ndikapemphe moto. Iyi nkhuku zinalowa m'nyumba. Iyi munandiitana n'kuiwala chimene mumandiitanira."

Anthu anaseka pa yomalizayo. Mfundozo zinalipo makumi awiri ndi zitatu, za masana awiri okha.

"Mwanayu mutu wake uli bwinobwino," anatero a Zuze, mofatsa ndithu. "Koma ngakhale ine, mutamandidzutsa pamakina kambirimbiri chonchi, thalauza limodzi silingathe. Akakhala m'kalasi khutu lake limakhala kunyumba, kudikira dzina lake. Mupatseni maola awiri patsiku amene sali mwana wa munthu aliyense. Chaka chimodzi chokha. Akalephera, siketi ndidzadula ndekha."

Zinali zoona, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti ndi zoona. N'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinaona amayi anzanga a mumsika akugwirana m'mapewa, ndinamva wina akubwereza zoiwala chomuitanira mwana zija. Pakamwa panga ndi pachangu chibadwire, ndipo tsiku limenelo panandipha.

"Inu mundiphunzitse kulera ine? Wanu ali kuti? Munabwera kuno mukuthawa, tinakusungani, lero mwakhuta mwayamba kulowerera m'mabanja a eni dziko. Bwererani kwanu mukalamulire kumeneko!"

Kuseka konse kunazima. A Zuze sananene kalima. Anachotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi n'kuwabaya pakansalu. Kenaka anandiyang'ana, osati pamwamba pa magalasi monga mwa masiku onse, koma mwachindunji.

"Mwanena, amake Esinati," anatero. Anakhala pansi n'kuyamba kupalasa makina opanda nsalu.

Ndinamukoka Esinati padzanja n'kutsika naye, siketi n'kuisiya pamsomali pomwepo. Ine amene agogo anga enieni anachokera kutsidya komweko, monga theka la anthu a m'mudzi mwathu.

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo ndinaona akazi awo a Zuze akubwera ndi kaphukusi. Anandipatsa moni mwaulemu, anakana mpando, anaika kaphukusiko pakhonde n'kubwerera. Munali yunifolomu ya Esinati, ndi siketi ina yaing'ono ya Lusiya, yolumikizalumikiza kuchokera ku zidutswa zotsala za mayunifolomu a ana ena. Misoko yake a Zuze anaibisa mwaluso m'mapindo moti Lusiya waivala mpaka lero popanda mnzake kuzindikira. Anali atayisoka kale ine ndisanapite kukawatukwana. Ndinalowa nayo m'nyumba n'kulira nditatseka pakamwa ndi chitenje.

Esinati anabwerera kusukulu. Akaweruka ankapita pakhonde paja, ndipo Loweruka akakhala ndi buku kuseri kwa nyumba ndinkaluma lilime, madzi n'kukatunga ndekha mapasa ali kumbuyo ndi kutsogolo. Sizinali zophweka, ndipo masiku ena ndinkalephera. Koma teremu yoyamba anakwera, yachiwiri anakweranso. Madzulo ankandifotokozera zimene a Zuze afunsa tsiku limenelo, akuwayeserera mayankhulidwe awo a mbali imodzi, ndipo ndinkaseka naye ngati palibe chimene chinachitika.

Koma pakhondepo sindinapondenso. Ndinkazungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutsepo. Zovala zanga ndinkapereka kwa telala wina amene ankandionongera. Kawiri katatu ndinamupatsira Esinati phava la nthochi kuti akawapatse osanena kumene zachokera, iwo n'kubweza mawu akuti auze amake kuti nthochi zafika, ndipo khonde silinasamuke. Ndinamva bwino lomwe chimene ankatanthauza. Ndinkadziuza kuti ndidzapita zotsatira za mayeso zikadzatuluka, ndidzapite ndi nkhuku, ndikagwade pamaso pa anthu omwe aja. Lero ndikhoza kuvomera chimene chinali pansi pa mtima: ndinkadikira kuti ndione kaye ngati analondola. Mwana akanalephera, ndikanati kupepesa kwanga kwachepa. Ndinasunga mawu amodzi okha miyezi khumi chifukwa cha kunyada.

Mwezi wa Juni chiperoni chinagwa masiku ambiri osalekeza. A Zuze anayamba kutsokomola. Akazi awo anawaletsa kupita kumsika, koma iwo anati ana a Fomu 4 atsala ndi masabata atatu, sangapeze pakhonde palibe munthu. Ankakhala atafunda bulangeti, osasoka n'komwe, akungopalasa makina kuti ana amve kuti nthawi ikuyenda. Lachinayi sanabwere. Loweruka m'mawa, ndikuyala tomato, mnzanga anandigwira paphewa n'kundiuza kuti a Zuze atisiya kuchipatala. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo.

Tinkayesa kuti aikidwa kuno. Koma kunabwera abale awo ochokera kutsidya, n'kunena kuti malo awo ali pafupi ndi mayi awo, kumudzi kumene anabadwira. Panalibe wotsutsa. Tinaperekeza bokosi mpaka pagombe la Ruo, ana a sukulu ali mu yunifolomu, ena oti anamaliza kalekale atabwera kuchokera ku Limbe ndi ku Thyolo. Analiika m'bwato, akazi awo atakhala pambali pake. Ndinaima m'madzi ofika m'mapazi ndikuyang'ana bwatolo likuwoloka, ndipo m'makutu mwanga munkamveka mawu anga omwe, aja ndinawalalatira pamsika. Anthu ankayesa ndikulira maliro monga wina aliyense. Esinati yekha ankadziwa, ndipo anaima patali nane.

Analemba mayeso ake maso ali otupa. Zotsatira zitatuluka, anakhoza bwino kuposa mmene aphunzitsi ake ankayembekezera, ndipo pano akuphunzira za uphunzitsi. Tsiku limene tinamva, anthu anadzaza pakhomo kudzandiyamikira ine, akuti ndalera bwino. Ndinalandira manja awo onse. Nkhuku ija tinadya tokha.

Dzulo ndinadutsa pakhonde paja, ulendo woyamba chichitikireni mkangano wathu. Makina anawatenga abale awo. Mwini golosale waunjikapo makireti a mabotolo opanda kanthu mpaka kudenga, ndipo pakona wina wamangirirapo mbuzi. Pasimenti patsala timaenje tinayi pamene panali miyendo ya makina, ndi banga lakuda la oyilo limene mvula yalephera kutsuka. Khoma analipaka laimu, koma m'munsi mwake mukuonekabe pamene nsapato za ana zinkakhula. Inali nthawi yoweruka, ndipo ana a sekondale ankadutsa mumsewu m'magulumagulu, osayang'anako n'komwe. Ndinatula dengu langa, ndinagwada pasimenti pafupi ndi banga lija, n'kunena mokweza kuti pepani, bambo Zuze. Mwini golosale anasuzumira pawindo n'kundifunsa ngati ndataya kanthu.